Mthunzi wa a Yotamu pa Msika wa Bolamoyo

Amene simunafikeko ku ufumu wa Zilibwino musavutike kufunsa njira, chifukwa msewu wopita kumeneko anautsegulira katatu konse, riboni n'kudula, koma mpaka lero sanaumange. Dzikoli lili kuseri kwa phiri la Tionereni, kutsidya kwa mtsinje wa Mudzaolokamawa, ndipo likulu lake ndi Kwaeniake. Pa nthawi ya nkhani yathuyi pampando panali Mfumu Onjezani Wachitatu, munthu amene chibadwire sanatulutsepo mawu akuti basi zakwana. Ukaipatsa ng'ombe mfumuyi inkafunsa za khola, ukaipatsa khola inkafunsa za dambo, ukaipatsa dambo inkaloza kutsidya n'kufunsa kuti uko n'kwa yani.

Anthu a ku Zilibwino ali ndi mwambo umodzi umene mwana amauyamwira kubere. Munthu wa boma akangotulukira atanyamula kope ndi cholembera, aliyense amasauka pompo. Mbuzi amazitsekera m'bafa, wailesi amaikwirira m'dengu la gaga, mayi amene amaseka amagwira tsaya, ndipo nkhalamba imene m'mawa womwewo yaunga mizere makumi atatu amaigoneka pamkeka n'kuifunditsa chiguduli. Musawatche abodza ayi. Anaphunzira kalekale kuti kope likabwera ndiye kuti m'mbuyo mwake mukubwera chimanga, makuponi kapena mabulangete, ndipo wosalira dzina lake silikwera. Nthawi zambiri chimangacho sichifika n'komwe, koma poti kulira kulibe msonkho, anthu amalira ndithu, kulira kwaluso.

Pa msika wa Bolamoyo, pakati pa amayi a tomato ndi okonza njinga, panali mkuyu waukulu, ndipo pansi pake pankakhala a Yotamu Mkwezalamba, osoka nsapato. Mtengowo anautsamira zaka makumi awiri ndi zisanu ndi ziwiri, mpaka khungwa linasalala pamene pankafika msana wawo. Zida zawo zinali singano yosula ku sipoko ya njinga, ulusi, phula, kabotolo ka guluu ndi zidutswa za matayala akutha. M'mawa ankakhala mbali iyi ya tsinde, dzuwa likafika paliwombo n'kusendeza kampando, chakumadzulo n'kusendezanso, ulendo wawo wa tsiku lonse n'kuthera pomwepo. Nkhani sankazifunafuna, zinkawapeza zokha, chifukwa munthu amene nsapato yake ili m'manja mwa mnzake sathawa. Amakhala pamuzu, phazi limodzi lili pamtunda, n'kuyamba kufotokoza za apongozi ake.

Akazi awo, a Nankhoma, ankakazinga zitumbuwa chapafupi, ndipo chilichonse chimene chapserera chinali cha a Yotamu. Tinene zoona, bamboyu analibe chimene ankasirira pa dziko lino. Anzawo akawauza kuti apite ku Kwaeniake akatsegule shopu ya magalasi, iwo ankangoseka n'kuyankha kuti fodya wako ndi amene ali pamphuno. Mkuyu wawowo ankaukonda ngati mwana wachisamba, ndipo sankabisa. Ankadziwa mwezi umene umayoyola masamba, ankadziwa mbalame zimene zimagonamo, ndipo wina akaukhapa ndi chikwanje ankamuthamangitsa mpaka kuchigayo. A Nankhoma ankauza anzawo kuti iwo anakwatiwa pamitala, mkazi wamkulu ndi mtengo uja.

Tsoka linayambira kutali, ku msonkhano wa mafumu. Kumeneko mfumu ya dziko loyandikana nalo la Tilinazo inadzitama kuti anthu ake ndi okhutira kwambiri, moti ikamadutsa amaigwadira kuipempha kuti ichepetseko chitukuko. Onjezani anabwerera kwawo nsanje itamugwira, ndipo tsiku limenelo anangodya nkhuku ziwiri zokha. M'mawa mwake anasonkhanitsa nduna zake zonse makumi anayi ndi zinayi n'kuzifunsa kuti iye ali ndi anthu okhutira angati. Nduna zinayang'anana. Ina inati ndi ambiri, ina inati ndi ambirimbiri, koma mfumu inati ikufuna mayina.

Nduna zinapita ku hotela ya m'mapiri kukaganiza, poti ku Zilibwino nzeru sizibwera munthu ali mu ofesi yake. Patatha sabata zinatsika zitanenepa, zitagwirizana kukhazikitsa Unduna wa Chikhutiro, Kumwetulira ndi Zina Zotero. Undunawo anaupereka kwa a Vomerani, mkulu amene khosi lake linkayamba kugwedezeka mfumu isanatsirize funso. A Vomerani analamula kuti pachitike kalembera wa anthu okhutira m'dziko lonse, ndipo makalaliki ananyamuka, aliyense kope lili kukhwapa. Abale inu, nduna makumi anayi ndi zinayi, zonse zobadwira komweko, panalibe ndi imodzi yomwe imene inakumbuka zimene mayi ake amachita akaona kope.

Mbuzi zinalowa m'mabafa kuyambira ku Tidyeretu mpaka ku Sitiyankha. Mwini zigayo zitatu anapezeka atavala thumba la feteleza. Kalaliki amene anafika pa Bolamoyo anali bambo wadazi, wotopa, nsapato yakumanzere itayasama kutsogolo. Amayi a tomato anakankhira madengu pansi pa mabenchi n'kusiya timilu tofota. Wogulitsa nyama, mimba ili uko, analumbira kuti watha sabata akugonera madzi. A Nankhoma anavundikira zitumbuwa ndi chitenje, n'kuuza kalaliki misozi ili m'maso kuti iwo ndi mayi wamasiye, amuna awo anatsikira kuli chete chaka chatha. Malemuwo n'kuti ali poteropo akukhoma chidendene.

Kalaliki anatopa nako kulirako. Analowetsa kope m'thumba la jekete n'kupita pansi pa mkuyu kuti amusokere nsapato. Apa ndiye panagona nkhani. A Yotamu maso anali pa ntchito nthawi yonseyi, kope sanalione, anangoona nsapato yoyasama ndi munthu wofuna mthunzi. Anamulozera muzu wabwino woti akhalepo, namugawira theka la chitumbuwa chopserera. Kamphepo kankaomba. Kalaliki anapuma mozama, kenako anafunsa mongocheza kuti nanga iwo bambo akusowa chiyani.

"Ine? Palibe, achimwene," anatero a Yotamu akukoka ulusi. "Mthunzi ndi uwu, ntchito imabwera yokha ndi mapazi ake, chitumbuwa ndadya. Ndingafunenso chiyani?"

Kalaliki anasiya kutafuna. Dzanja linalowa m'thumba pang'onopang'ono, kope n'kutuluka. Msika wonse unatembenukira kumkuyu, ngakhale wa nyama anaimitsa chikwanje m'malere. Anafunsa dzina, a Yotamu ananena, poti dzina lako sungalikane munthu akukuyang'ana m'maso. Anafunsanso ngati ali pabanja, iwo analoza a Nankhoma, mayi wamasiye uja.

Panjira yobwerera kunyumba a Yotamu anazimva. A Nankhoma anayambira pa tsiku la chinkhoswe, anadutsa pa denga lodontha, anafika pa njinga imene akhala akulonjezedwa chikwatiwire, ndipo pa mlatho anatula dengu pansi kuti manja nawo alankhule.

"Bambo a Fanesi, ine ndakuikani m'manda kuti ana adye, inu mukudzuka n'kumauza boma kuti mwakhuta? Munthu wanji wolephera kufa tsiku limodzi lokha?"

A Yotamu anapepesa monga amapepesera mwamuna wanzeru, msanga ndiponso kangapo. Koma mumtima ankadzifunsa kuti munthu akakufunsa uli pamthunzi wako, chitumbuwa chili m'kamwa, unganame bwanji. Anadzitonthoza kuti kope lija likagwera m'kabati ngati makope ena onse a boma n'kudyedwa ndi chiswe.

Chiswe chinachedwa. Kalembera atatha, m'dziko lonse la Zilibwino munapezeka munthu wokhutira mmodzi. A Vomerani sanachite manyazi. Analengeza pa wailesi ya ufumu kuti chiwerengero cha okhutira chakwera kuchoka pa palibe kufika pa mmodzi, zimene sizinachitikepo mu ulamuliro wa Onjezani Woyamba ngakhale Wachiwiri. Galimoto ya mbendera inafika pa msika n'kunyamula a Yotamu, phula lili m'manja. Ku Kwaeniake anawapatsa udindo wa Wokhutira Wamkulu wa Ufumu, anawaveka suti yothina m'khwapa, mendulo yolemera ngati loko wa pageti, ndi nsapato zonyezimira zimene iwo atangozitembenuza anadziwa kuti sizitha mwezi.

Msika utaona suti, nzeru zinatembenuka. Anthu anati kani masiku ano boma likupatsa okhuta. Kope litabweranso, mbuzi zinatuluka m'mabafa, wopanda mbuzi anabwereka ya mnzake, ndipo wa nyama uja analumbira kuti amadya kasanu pa tsiku. Mfumu itamva kuti dziko lonse lakhuta inasangalala, n'kulamula kuti chimanga cha thandizo chiimitsidwe, poti wokhuta sapatsidwa mbale. Anthu sanakwiye kwenikweni. Mayi wina wa tomato anati chimanga chaimitsidwacho ndi chomwe chija sichinabwere chaka chatha, ndiye mimba sinamve kusintha.

A Yotamu zonsezi sizinawakhudze. Suti anaipinda n'kuisunga m'sutikesi, mendulo anaipezera ntchito yowongolerapo timisomali, n'kubwerera pansi pa mkuyu poganiza kuti zatha. Koma Lolemba lina a Vomerani anatsika galimoto ali ndi anthu a tepi yoyezera malo ndi chitini cha penti. Anafotokoza kuti mfumu ya ku Tilinazo idzabwera kudzaona Wokhutira Wamkulu ndi maso ake, ndipo n'zochititsa manyazi kuti munthu wa udindo wotere azikhala pansi pa mtengo ngati mbuzi. Boma liwamangira Nyumba ya Chikhutiro, ya malata, ya mawindo a magalasi, pamalo penipeni pamene pali mkuyu. Wa penti analemba mtanda wofiira patsinde, pamwamba pang'ono pa malo osalala aja. Mtengo unali woti ugwe Lachisanu la sabata yamawa.

A Yotamu anachita mantha, mantha enieni amene sanawamvepo chikhalire. Tsiku limenelo anamatira nsapato ya kumanja soli ya kumanzere. A Nankhoma, ngakhale ankati mtengowo ndi mkazi mnzawo, anawamvera chisoni. Anati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, apite okha kwa mfumu akadandaule, koma poti kudandaula sakudziwa, ayambe aphunzira. Sukulu inatsegulidwa pomwepo pambali pa chiwaya. Phewa ligwe, mawu achepe, dzanja lipite patsaya, ndipo munthu asayambe ndi chimene akufuna, ayambe ndi matenda. Amayi a tomato ndiwo anali oweruza. A Yotamu ankayamba bwino ndithu, za msana, za bondo, za maso osaona ulusi, koma akafika kumapeto pakamwa pankawapulumuka n'kunena kuti komabe poyerekeza ndi anzathu ena, tikuthokoza. Amayi ankangopukusa mitu n'kuwauza kuti ayambirenso.

Lachitatu anavala suti ija n'kupita ku Kwaeniake. Bwalo linali lodzaza, mfumu ili pampando wake wa mikango, nduna zili m'mizere. A Yotamu anagwada, anagwetsa phewa monga anaphunzirira, nayamba za msana. Nduna zinaphulika nako kuseka, poganiza kuti Wokhutira Wamkulu wabwera ndi sewero. A Vomerani anaimirira n'kukumbutsa bwalo kuti malinga ndi lamulo limene linadutsa dzana, Wokhutira Wamkulu sangadandaule, ndipo chilichonse chotuluka pakamwa pake chizilembedwa kuti wathokoza. Kalaliki wa bwalo analemba kuti wathokoza. A Yotamu ataona kuti maphunziro a akazi awo apita m'madzi, anachotsa dzanja patsaya n'kulankhula ngati mmene amalankhulira ndi mwini nsapato.

"Wawa, Gogo Chalo, musandidulire mkuyu. Kukhutira kumene mwandivekera menduloku sindiyenda nako m'thumba ayi. Ndimakupeza pansi pa mtengo uja. Mukaugwetsa mudzatsala ndi suti yokha."

Mfumu inakweza dzanja, kuseka n'kutha. Inawerama n'kuwayang'anitsitsa, ndipo kwa kanthawi nkhope yake inali ya munthu wamba, munthu wotopa.

"Ukakhala pamenepo, mtima umasiya kufuna?"

"Umasiya, wawa."

"Kusiyiratu?"

"Kusiyiratu, wawa. Munthu umachita kuiwala kuti kuli Kwaeniake."

Onjezani anatsamira pampando wake wa mikango. Munthuyu anali ndi nyumba zachifumu zisanu ndi imodzi, koma mtima wake sunapumepo ndi tsiku limodzi lomwe. Kenako analamula kuti mkuyu usakhudzidwe, penti ifufutidwe, chifukwa Loweruka iye mwini akubwera kudzakhala pansi pake. A Yotamu anabwerera ku Bolamoyo akuvina, nsapato zonyezimira zili m'manja. A Nankhoma okha ndi amene sanasekerere. Anati mfumu ikakufunsa kumene umatunga madzi, uyambiretu kufuna chitsime china.

Kukonzekera kunayamba Lachinayi. Amayi a tomato anawasamutsira kuseri kwa zimbudzi, okonza njinga anawauza kuti apite kumaliro alionse amene angawapeze. Asilikali anakwera mumtengo n'kupirikitsa mbalame zonse kuti ina isachite chipongwe pa chisoti cha mfumu, anagwedeza nkhuyu zonse kuti ina isaigwere paphewa, nadula nthambi zam'munsi kuti galimoto ilowe bwino. Kenako a Vomerani anayang'ana m'mwamba, anaona kuti masamba akadalipo ndipo tsamba silidziwa ulemu, nalamula kuti pansi pa mkuyu akhome tenti. Mu tenti anayala kapeti, pa kapeti anaika sofa, m'mbali mafani anayi, kumbuyo jenereta. A Yotamu ankaonerera kampando kawo kali m'manja, osadziwa pokakhazika.

Kuseri kwa zimbudzi amayi a tomato ankasuzumira. Wina anati mthunzi wa mkuyu aukweza pantchito, tsopano ukutchinga tenti kuti isapse ndi dzuwa. Wina anati iye akadzalemera, ambulera yake adzaigulira ambulera.

Loweruka mfumu inafika ndi magalimoto makumi awiri. Kwaya inaimba, nduna zisanu zinalankhula, iliyonse kuthokoza mfumu chifukwa cha nzeru zake zobzala mtengowo, ngakhale mtengowo unamera agogo ake a mfumuyo asanabadwe. Dzuwa litakwera, Onjezani analowa mu tenti, anakhala pa sofa, anatseka maso n'kuyamba kudikira. Jenereta inkalira. A Vomerani ankayang'ana wotchi. Patapita theka la ola mfumu inatsegula diso limodzi n'kufunsa kuti kodi zimatenga nthawi yaitali bwanji.

A Yotamu anayankha kuti sakudziwa, chifukwa iwo sanakudikirepo kukhutirako, kumangowapeza ali ndi nsapato ya munthu m'manja. Ndipo poti anali munthu wosadziwa kubisa mawu, anapitiriza. Anati tenti ichoke, jenereta izimitsidwe, mfumu ikhale pansi itsamire tsinde, iwo aibwereka singano. Anatulutsa m'thumba nsapato yoduka lamba ya mayi wina wa tomato n'kuipereka ndi manja awiri.

Tisainamizire mfumu, inatambasula dzanja. Zala zinatsala pang'ono kukhudza lamba. Koma a Vomerani anawerama n'kuinong'oneza kuti nanga ku Tilinazo akamva kuti Onjezani Wachitatu akusoka nsapato za amayi a tomato adzati chiyani. Dzanja linabwerera pamimba. Mfumu inakhalabe ola lina, ndipo m'ola limenelo inafuna chakudya, inafuna sofa ina yofewa, inasuzumira panja n'kufunsa kuti malo onse a msikawa ndi a yani. Kenako inadzambatuka nkhope itachita tsinya, n'kunena kuti yapusitsidwa ndipo wina ayankhepo.

Nduna zinakhala pansi kufuna wolakwa. Mfumu singalakwe, zimenezo n'zodziwikiratu. A Vomerani sangalakwe, poti ndiwo ankatsogolera zokambiranazo. A Yotamu nawonso sangalakwe, chifukwa dzina lawo linali litamveka kale pa wailesi mpaka ku Tilinazo, ndipo kuwamanga kukanaliyalutsa dziko. Unatsala mtengo. Mlandu wake unali womana mfumu chikhutiro mwadala ndi kukondera anthu wamba. Bwalo linakhala pa msika pomwepo Lachiwiri, woweruza atavala mkanjo, thukuta lili kamukamu. Anaufunsa mkuyu katatu ngati ukuvomera kapena kukana. Mkuyu sunayankhe, ndipo analemba kuti wachita mwano pamaso pa bwalo.

Apo a Yotamu anaimirira osapempha chilolezo. Za phewa ndi za tsaya anaziiwala. Ananena za zaka makumi awiri ndi zisanu ndi ziwiri, za ana awo amene anaphunzira kuyenda atagwira mizu imeneyo, za anthu amene amabwera ndi nsapato yabwinobwino pongofuna pokhala. Anapempha kuti awalande mendulo, awamange iwo ngati n'kofunika, koma mtengo ausiye. Kenako analira, bambo wamkulu, misozi n'kumagwera pa suti ya boma. Amayi a tomato, akatswiri a kulira, anawerama, chifukwa kulira kotere sanakumvepo pa Bolamoyo. A Nankhoma anadziphimba kumaso ndi chitenje. Woweruza anadikira kuti atsirize, kenako anatembenukira kwa kalaliki, ndipo kalaliki analemba kuti wathokoza.

Anaugwetsa Lachisanu lomwe lija anakonza poyamba. Macheka anayamba kulira dzuwa likutuluka, ndipo pofika masana msika wonse unali mbee, anthu akuphethira ngati atuluka m'nyumba ya mdima. Nkhuni zinakwera malole kupita kunyumba za nduna. Nyumba ya Chikhutiro anaiikira mwala wa maziko, kwaya n'kuimba, basi zinathera pomwepo, ndipo mfumu ya ku Tilinazo sinabwere n'komwe. Chimene chinamangidwa ndi chikwangwani chachitsulo, chachitali ngati nyumba yosanja, pambali pa chitsa. Pachikwangwanipo pali nkhope ya a Yotamu imene anawajambula tsiku la mendulo, akumwetulira mano onse ali pamtunda, ndipo pansi pake analemba ndi zilembo zazikulu kuti KU ZILIBWINO TAKHUTA.

A Yotamu akusokabe nsapato. Amakhala kuseri kwa chikwangwanicho, poti ndiwo mthunzi wokha umene watsala pa msika. Ndi mthunzi wa ngodya zinayi, wopanda mphepo, wopanda mbalame, ndipo ikamakwana teni koloko umakhala utathawa, chitsulo n'kuyamba kuwotcha. Anthu amangosiya nsapato n'kupita, amati abweranso. Bamboyu sadandaula, koma nthabwala zinachepa, ndipo masiku ano amafika kunyumba msanga, zimene a Nankhoma anazipempha kwa zaka zambiri koma tsopano sizikuwasangalatsa.

Tsiku lina kunabwera mayi wachilendo wochokera ku Sitiyankha, atanyamula nsapato zake za kutchalitchi m'jumbo. Anaima n'kuyang'ana chikwangwani, anazungulira n'kuyang'ana a Yotamu, anabwereranso kukayang'ana chikwangwani. Kenako anagwada pang'ono n'kufunsa mwaulemu ngati iwo ndi bambo okhutira aja amawanena pa wailesi.

A Yotamu analandira nsapato, anazitembenuza, anakanikiza soli ndi chala.

"Ayi mayi, si ine," anatero. "Mkulu ameneyo anali ndi mtengo."